Tikamakula, anzathu akale timawasiya pati?

Pali moni wina umene munthu wa zaka za m'ma 40 amakumana nawo kawirikawiri. Amaumva ali pamzere kubanki, ali pa depoti ku Wenela, kapena akutsika minibasi ku Limbe: "Aaa achimwene, mwasowatu! Masiku ano simukuoneka." Wolonjerayo akumwetulira, manja agwirana, koma onse awiri akudziwa kuti m'mawuwo muli mlandu. Woyankha amafulumira kunena kuti ntchito yachuluka, ana akudwaladwala, tionana Loweruka likubwerali. Amapatsana manambala omwe aliyense ali nawo kale m'foni mwake. Loweruka limafika n'kudutsa, palibe woimbira mnzake.

Anthu awiriwa sanayambane. Palibe anadya ndalama ya mnzake, palibe analanda mkazi wa mwini. Zaka 15 zapitazo anali pa ubwenzi wa ponda apa nane m'pondepo: chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande, mbale imodzi, nsapato yobwerekana popita kukafunsira ntchito. Chimene chachitika n'chakuti mmodzi wa iwo zomwe ankazikonda sizikumukomeranso. Phokoso la m'bala likumutopetsa. Nkhani zomwe ankaseka nazo mpaka misozi, akazimva lero amangoyang'ana nthawi. Ndipo akusowa ponenera zimenezi popanda kuoneka wamatama.

Ine ndikuti munthu ameneyu sanalakwe posintha. Koma sindingavomerezenso ulangizi wofala masiku ano woti amene sakukupindulira ungomudula, chifukwa kwathu kuno mnzako si wocheza naye chabe. Ndi amene adzasenze bokosi la mayi ako.

Thupi ndilo limayamba kukana, mtima usanavomere. Mnyamata wa zaka 23 amatha kuchezera ku Bwandilo ku Area 47 kapena pa Kamba ku Blantyre, m'mawa n'kulawirira kuntchito atangosukusula. Yemweyo akafika zaka 42, mabotolo anayi a Lachisanu amamugoneka Loweruka lonse ndi matsire. Madokotala amafotokoza kuti munthu akamakula madzi a m'thupi amachepa, choncho mowa womwe uja umakhala ndi mphamvu yochuluka m'magazi, ndipo tulo nato timasokonekera msanga. Kenako limabwera tsiku lokayezetsa. Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009, anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Namwino akakumanga lamba pamkono n'kukuuza kuti BP yakwera, kanyenya wothira mchere wa pakati pa usiku umayamba kumuona mwina.

Si mantha okha ayi. Lilime lenilenilo limasintha. Amene anaphunzira kusukulu yogonera konko analumbira kuti akadzayamba ntchito sadzadyanso mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ndipo anasungadi lumbirolo zaka khumi: tchipisi, soseji, nkhuku yokazinga, zakumwa zotsekemera. Lero ndi yemweyo amene amatuma mwana kuchigayo n'kumuuza kuti chimanga asakonole. Ndi yemweyo amene amaimitsa galimoto pa Lizulu kufunafuna bonongwe ndi chisoso, ndipo akafika kumudzi amapempha nkhwani wotendera ndi therere m'malo mwa nkhuku yomwe amuphera. Palibe wamukakamiza. Zikumukomera basi.

M'makutu namo n'chimodzimodzi. Amene ankavina kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi ndombolo ku Chez Ntemba mpaka malaya kunyowa, lero m'galimoto mwake mukulira Allan Namoko, Paul Banda ndi Alleluya Band, ndipo mwana akaika amapiano amamuuza kuti atsitse. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda, omwe anabadwa mu 1930, n'kuimba nawo nyimbo zawo zakale. Anthu ambiri omwe ali achinyamata ankasintha siteshoni nyimbo zotere zikayamba pa wailesi anapezeka akuzibwereza tsiku lonse. Lucius Banda atamwalira mu June 2024, anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50 analira kwambiri. Ankalira woimbayo, inde, komanso ankalira unyamata wawo ndi anzawo omwe ankabwerekana nawo makaseti ake, omwe ena sanaonane nawo zaka makumi awiri.

Kukanakhala kuti zokonda zimayenda zokha, nkhaniyi ikanathera pomwepa. Koma chizolowezi chilichonse chili ndi anthu ake. Ukasiya botolo wasiyanso tebulo, ndipo patebulopo pali anthu asanu omwe amakudziwa kuyambira uli ndi malaya amodzi. Maubwenzi ambiri a paunyamata anamangidwa pa malo ndi pa nthawi: hositelo, bwalo la mpira, kwaya, basi ya kuntchito, bala ya pakona. Tinkakhulupirira kuti mitima ndiyo yatilumikiza, ndipo kwa ena zinalidi choncho. Kwa ena chinkatilumikiza chinali Lachisanu lokha. Timadziwa kuti uyu anali wa mtima, uyu anali wa Lachisanu, pokhapokha Lachisanulo litachoka.

Akatswiri akunja anayesapo kuwerengera zimenezi. Gerald Mollenhorst wa ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafunsa anthu za omwe amakambirana nawo zakukhosi ndi omwe amawathandiza, n'kudzawafunsanso patatha zaka 7. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2009, zinaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu omwe anatchulidwa poyamba sanalinso m'gulumo. Mu 2016 ofufuza a ku Aalto ku Finland ndi a ku Oxford anaunika momwe anthu pafupifupi 3 miliyoni a ku Ulaya ankaimbirana mafoni, n'kupeza kuti chiwerengero cha anthu omwe munthu amalankhulana nawo chimafika pachimake ali ndi zaka pafupifupi 25, kenako chimayamba kutsika. Laura Carstensen wa ku Stanford amafotokoza kuti wachinyamata, poona kuti nthawi ili yambiri kutsogolo, amafuna kudziwana ndi aliyense. Wamkulu, poona kuti nthawi ikuchepa, amasankha ochepa omwe amamupatsa mtendere. Zonsezi n'zoona ndipo zimatonthoza. Komabe kafukufukuyu anachitikira m'mayiko momwe munthu akadwala pali inshuwalansi, akachotsedwa ntchito boma limamupatsa kangachepe, akamwalira pali kampani yoika maliro. Kuno zonsezo amachita ndi anthu. Wodula anzake ku Utrecht amataya ocheza nawo. Wodula anzake ku Chilomoni amataya ongongoza, odikirira kuchipatala ndi ogona pamaliro.

Palinso china chimene sitikambirana kwenikweni. Kukalamba limodzi ndi anzathu a paubwana ndi chinthu chimene m'badwo wapita uja sunachione mokwanira. Amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1990 anataya anzawo ambiri ndi Edzi, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Lero zadutsa 60. Ambiri a m'badwo umenewo sanafike potopa ndi mnzawo, chifukwa manda anawalekanitsa msanga. N'chifukwa chake wopulumuka amamva ngati akuchita chipongwe akaganiza zotalikirana ndi awiri kapena atatu omwe anatsala. Komanso dziko lathu ndi la ana: kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, pafupifupi theka osakwana zaka 18. Wa zaka 40 amatchedwa kale mdala, ndipo m'bala momwe ankalamulira kale tsopano ndi iye wamkulu yekha pakati pa a msinkhu wa ana ake. Palibe anatiphunzitsa kakhalidwe ka pamsinkhu umenewu.

Ndinaona patebulo lina momwe zimavutira. Linali Lachisanu la malipiro, pabala ya m'tauni yomwe mipando yake ya pulasitiki amaiyala pabwalo dzuwa likapendeka. Bambo wina yemwe anakhala wa gululo kuyambira kalekale anafika mochedwa, n'kuitanitsa madzi. Tebulo lonse linakhala chete kamphindi, kenako mafunso anayamba. "Mwadwala kodi?" "Alamu akuletsani eti?" Wina anaseka n'kuti, "Awa anawadyetsa khuzumule." Wachitatu sanafunse kanthu, anangokodola wogulitsa, Green yozizira n'kutsegulidwa n'kuikidwa patsogolo pake. Bamboyo anaiyang'ana, thovu likusefukira pakhosi la botolo, anaikankhira pambali pang'ono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ndili pa mankhwala." Pomwepo anamuleka. Ena anamupepesa. Sanali pa mankhwala aliwonse. Anali atangotopa nawo mowawo, koma anadziwa kuti yankho limenelo silikanalandiridwa.

Izi zimandipweteka mtima. Pakati pathu pali zifukwa ziwiri zokha zomwe munthu angasiyire chizolowezi popanda kuzengedwa mlandu: dokotala ndi tchalitchi. Ukati adokotala aletsa, akumvera chisoni. Ukati ndinalandira Yesu, akuseka pang'ono koma akulemekeza. Ukati sizikundikomeranso, wayamba kudzimva. Choncho timanama. Ena amalowadi m'mipingo moona mtima, ndipo chikhulupiriro chawo sindichikayikira, koma alipo ena omwe mpingo wawapatsa khomo lotulukira lomwe anzawo anakana kuwatsegulira. Bodza laling'ono lija la mankhwala limabala ena: foni yosayankhidwa, "ndikubwera" wa munthu amene wavala kale zogonera, kukhota njira ukaona galimoto ya mnzako. Mapeto ake ubwenzi umafa, koma chaupha si kusiya mowa. Chaupha ndi kuzembana.

Tsopano ndinene mbali imene osintha sakonda kuimva. Si kusintha konse kumene kuli kukula. Kwina ndi ndalama zovala malaya a kukula.

Ana a kalasi imodzi omwe analemba MSCE chaka chimodzi, lero wina ndi bwana ku Capital Hill, wina ali ku Johannesburg kapena ku Dublin, wina akuphunzitsa kupulayimale kumudzi, wina akupalasa kabaza. Bwana uja akamati phokoso la pabala yakale likumutopetsa, kenako n'kupezeka Lachisanu lomwelo pamalo ena okwera mtengo, pomwe phokoso lake n'chimodzimodzi koma botolo ndi la mtengo wowirikiza, ndiye kuti sanatope ndi phokoso. Watopa ndi anthu omwe amamupempha ya thiransipoti. Osiyidwawo amaziona zimenezi bwinobwino, ndipo akamati "watukuka, watiiwala" nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Munthu adzifunse yekha: chikhala kuti mnzanga uja ndiye analemera, ine n'kukhala wa kabaza, kodi nthabwala zake zikanandibowa chonchi?

Komanso tisamuweruze msanga. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene akuoneka wopeza bwino ali ndi fizi ya ana ake ndi ya ana a malemu achimwene ake, feteleza wa makolo kumudzi, ndi nyumba yomwe yaima pa lintala kwa zaka zitatu. Akamaguliratu tebulo lonse amawerengera mumtima matumba a simenti omwe apita usiku umodzi. Akatsegula foni apeza mauthenga a "bwana tiponyereniko kenakake pa Mpamba" ochokera kwa anthu omwe sanamufunseko n'kamodzi komwe kuti ana ali bwanji. Ubwenzi umene mmodzi wasanduka thumba, wina wasanduka dzanja, umatopetsa onse awiri. Wopemphayo nayenso sasangalala. Amachita manyazi, ndipo manyaziwo amasanduka mkwiyo.

Kwa amayi nkhaniyi imabwera mwina, ndipo nthawi zambiri sakhala atasankha okha. Pa chilangizo cha ukwati mtsikana amauzidwa kuti anzake osakwatiwa awasiye, angamuphunzitse zoipa kapena kumulanda mwamuna. Malangizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Amachotsa mkazi pakati pa anthu omwe amamudziwa iye mwini, n'kumusiya pakati pa omwe amangomudziwa kuti ndi akazi a uje. Tsiku limene banja lidzavute, amene akanamuuza zoona anathamangitsidwa kalekale. Kumeneko si kukula, ndi kulandidwa. Kukula kwenikweni kumabwera pambuyo pake, mayi akafika ponena yekha kuti watopa ndi kugula nsalu ya yunifolomu pa chinkhoswe chilichonse, pa bridal shower iliyonse, ndi kukaponya ndalama pa perekaniperekani wa munthu yemwe anangomuona kamodzi. Ambiri amasamukira ku Mvano, ku Dorika, ku banki m'khonde kapena ku chipereganyu, komwe kucheza kumayendera limodzi ndi chinthu chogwirika. Kumenekonso amamunena kuti wayamba kusankha anthu.

Kale ubwenzi wotha unkatha mwaulemu. Munthu ankasamukira ku Mzuzu, makalata ankachepa, kenako zii, ndipo mukadzakumana patapita zaka mumakumbatirana popanda wolakwa. Lero WhatsApp salola kuti chinthu chife chokha. Gulu la kalasi ya kusekondale lili ndi anthu zana, mauthenga mazana patsiku: nthabwala za aphunzitsi omwe ena anamwalira, mayina achipongwe omwe munthu anawasiya ali Fomu 2, mikangano ya ndale chisankho chikayandikira, ndi mndandanda wa zopereka womwe umaonetsa poyera amene wapereka ndi amene sanapereke. Kutulukamo n'kovuta chifukwa anthu amadziwa ndipo amafunsana. Ambiri amangolitseka pakamwa n'kumasuzumira pakagwa zovuta. Ine sindiona cholakwika pamenepo. Amene sayankha nthabwala koma dzina lake silisowa pa mndandanda wa chipepeso akusunga mbali ya ubwenzi imene ili yofunika.

Makolo athu ankasiyanitsa zinthu ziwirizi kuposa ife. Ku Ntcheu komanso m'madera angapo a kummwera kuli chinjira, ubwenzi wa amayi awiri omwe si apachibale, wodziwika ndi mabanja onse awiri. Anjira amapatsana mphatso, amayenderana pa matenda, ndipo pamaliro sasowa. Megan Vaughan, wolemba mbiri yemwe anafufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, analembapo za ubwenzi umenewu ndi momwe unkathandizira amayi pa umoyo wawo. Anjira sayenera kukonda nyimbo imodzi kapena kukhala limodzi madzulo aliwonse. Akhoza kutha miyezi osaonana, wina akhoza kulowa mpingo wina, wina n'kusiya kufulula mowa, koma chinjira chili pomwepo, chifukwa chinamangidwa pa udindo osati pa chizolowezi. Ife a m'tauni tinasakaniza zonse. Tikuganiza kuti amene sabwera Lachisanu sadzabweranso pa tsoka, ndipo wosiya Lachisanu nayenso amachita manyazi kuonekera pa tsoka.

Pamaliro m'pomwe zimaoneka. Mayi a mnzanga wina atamwalira, anzake atsopano a kuofesi anabwera masana, atavala bwino, anapereka envelopu n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Anachita mbali yawo ndipo envelopuyo inathandiza. Usiku, pamoto wa abambo kuseri kwa nyumba, panatsala anthu anayi omwe namfedwayo anakhala akuwazemba kwa zaka. Mmodzi ankanunkha kachasu. Ndi yemweyo amene anadziwa kopeza lole yotsika mtengo, amene anakakambirana ndi adzukulu, amene ankawadziwa mayiwo ndi dzina la kumtundu kwawo chifukwa anadyapo nsima yawo ali mwana. Palibe anafunsa kuti unali kuti zaka zonsezi. M'mawa anagwira bokosi kumutu. Ndikamamva anthu akulangizana kuti anzako akale ndi katundu wongolemetsa, ndimafuna aone usiku ngati umenewo.

Sindikunena kuti aliyense asungidwe. Alipo amene kuwatalikira ndi kudzipulumutsa: amene sasangalala mpaka utaledzera, amene amakukokera ku juga ya pafoni malipiro atangolowa, amene amanyoza mkazi wako iwe uli pomwepo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 litaona momwe unkawonongera achinyamata, ndipo ambiri a ife tili ndi mnzathu yemwe chiletsocho chinamupeza atapita kale patali. Munthu amene akulimbana ndi kusiya mowa sangakhale patebulo lomwe amamutsegulira botolo asanapemphe. Ameneyo achoke ndipo asapepese. Komabe ngakhale pamenepo, kusiya kumwa naye sikutanthauza kuti mwana wake akathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi iwe uyang'ane kumbali.

Chimene ndikupempha n'chochepa koma n'chovuta: tizinena zoona, ndipo anzathu akanena zoona tizimva. Bambo wa madzi uja anadzalimba mtima patapita miyezi. Anawauza kuti sadwala, alamu awo sanamuletse, sanalowe mpingo watsopano, koma mowa ndi kuchezera zamukwana. Amene akumufuna amupeza kunyumba kapena kumpira masana. Awiri anamunyoza kuti wakalamba msanga. Mmodzi anasiya kumupatsa moni. Awiri ena anayamba kumutsata ku Kamuzu Stadium, wina wa Maule wina wa Manoma, ndipo amakangana kuyambira pa geti mpaka pokwerera minibasi, kenako iwo amapitirira kubala, iye n'kulowera kwawo. Chaka chisanathe, mmodzi wa onyoza aja anamuimbira usiku, mutu ukumuwawa, maso akuchita mdima, kufunsa kuti za BP amayezetsa kuti ndipo amalipira zingati. Bamboyo anamuuza kuti asayendetse galimoto ali choncho. Anapita kukamutenga yekha, anakhala naye pamzere mpaka anaonana ndi adokotala, ndipo mwezi uliwonse amamuimbira kumukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala.